Kumapeto kwa Mzere

Bondo langa limaidziwa mvula ya ku Joni
isanadutse milu ya mchenga wa m'migodi.
Likayamba kulira masana ndimauza a nyumba yoyandikana:
anulani zovala, folo koloko kugwa matalala.

Kuno ku Rosettenville amanditcha Amereka.
Pa chiphaso ndine Zondiwe Kambalame,
kambalame kolowa pakhomo chowerama.

Ndinkathamanga ndi mpira wa ragibi ku Turffontein
pamene mzungu wa kabuku m'manja
anandiyeza mikono ngati telala, nati:
kwathu kuli malo a munthu wotere,
kumapeto kwa mzere, theka khoma, theka manja.
Sananene kuti malowo ali kale ndi mwini.

Zaka zisanu ndi ziwiri. Matimu atatu.
Mipira yomwe ndinawakha: khumi ndi umodzi.
Wachitatu unandipinda chala, onani, mpaka lero.
Wachisanu ndi chinayi ndinagwa nawo kuseri kwa mzere woyera,
chisanu chikuluma makutu,
khamu lonse likukuwa dzina lomwe silinkatha kulitchula.

Zotsalazo kunali kuima.
Chipewa m'manja, m'mbali mwa bwalo,
kutenthetsa miyendo yomwe sipita kulikonse.
Mwini malo uja ndinkamukonda, tinkadyera tebulo limodzi,
mwana wake ankandikwera paphewa.
Koma ndinene zoona:
akagwa n'kuchedwa kudzuka,
kanthu kena m'chifuwa mwanga kankadzuka msanga.

Akandilowetsa kunali kukatchinga,
phewa pa phewa ndi chimunthu chonga firiji,
kuti wina adutse, wina aoneke pa kanema.
Mayi, m'kachipinda ka ku Yeoville,
ankadzuka thu koloko usiku, atafunda bulangete,
maola atatu akusaka msana wanga pa galasi.
M'mawa foni: ndinakuona utaima, wanenepa.

Kuchotsedwa kumabwera Lachiwiri.
Kamnyamata kaulemu kamagogoda:
aphunzitsi akukufunani, mutenge ndi buku lawo.
Katundu wa zaka zonsezo
anakwana m'thumba limodzi lakuda la zinyalala.

Agogo anga aamuna anafika mumzinda uno ndi Wenela.
Nawonso anawayeza pachifuwa, anawapatsa nambala,
anatsika kumene dzuwa silifika
kuti golide akawale pa chala cha wina.
Iwo anabwerera ndi njinga ndi chifuwa.
Ine jezi ya nambala eyite-folo ndi bondo.
Sindidandaula. Nyumba ya mayi ili ndi malata,
ndipo ndinaonako zomwe ndinaona.

Masiku ano usiku ndimaima pakhomo la bala ku Braamfontein.
Kuima ndiye ndimakutha.
Loweruka ndimatenga mpira wosongoka uja
kupita nawo pabwalo lafumbi pafupi ndi damu la Wemmer,
ana a Chizulu, a ku Kongo, a kwathu, kundizungulira.
Onse amafuna kuponya. Onse amafuna kuwakha.
Wotchinga samapezeka.

Sabata yatha kamtsikana kena, Nokwanda,
kanandifunsa: malume, munali otchuka?
Ndinati ima apa, kumapeto,
tsitsa chiuno, maso pa lamba wa mdani,
ndipo mpira ukabwera, ngati ubwere,
usaganize za khamu, uufungatire.
Kanadikira masewero onse, mpira osafika.
Popita kwawo kanandifunsa nthawi ya Loweruka likubwerali.