Chinsalu cha Padziwe

Chipale chagwanso usiku wonse ku Thunder Bay.
M'mawa ndapeza chinsalu cha padziwe chitapindika msana
ngati bulu wosenza katundu wa eni.

Fosholo ayi, unkatero iwe Aili,
fosholo ili ndi mano, ing'amba.
Ndiye ndatenga tsache lija la mpini wautali,
ndikukokera chipale kumbali, pang'onopang'ono,
mpweya wanga ukufuka ngati ketulo.

Zingwe zilipo makumi atatu ndi ziwiri.
Ndaziwerenga. Chimodzi chamasuka chakumpanda,
ndachimanga ndi zala zosamva kanthu,
magolovesi ndili nawo kukamwa.

Mapaipi ndinawakhutula mu Okutobala
monga unalembera pa kapepala kali pachitseko cha firiji,
koma madzi ndinatsitsa mopitirira.
Ukanandiseka.

Toivo wa kuseri kwa mpanda akuti ndingolikwirira dziweli,
ndidzalepo mbatata.
Munthu mmodzi, akutero, dziwe lonseli n'lachiyani?
Ndangomuyankha za nyengo.

Pansi pa chinsalu madzi auma gwa.
Ndagogoda ndi mpini: gu, gu.
Koma kunsi kwenikweni alipo ena osaundana,
omwe aja unasambiramo mu Ogasiti
uku ukundikalipira kuti ndalowamo ndi masokosi.

Nkhandwe yadutsa pakati penipeni usiku,
mapazi ake ndi awa, yosaopa n'kumira komwe.
Pokhapo sindinasesepo.

Meyi akadali kutali.
Tsache ndaliimika pakhomo,
wailesi ikuti Lachinayi kugwanso china.