Mfundo za Msonkhano wa Lachinayi

Anandisankha ulembi chifukwa cholembera ndinali nacho ndekha.
Kope ndinabwereka la mwana wanga, la masamu,
n'kuyambira kumapeto, kumene masamba akadali oyera.

Malo: kalasi ya Sitandade 4, kuno ku Mtandire,
zenera limodzi lotseka ndi katoni.
Obwera: khumi ndi mmodzi,
osawerengera mbuzi imene inasuzumira n'kubwerera.

Mfundo yoyamba, zotayika:
mafoni asanu sabata imodzi,
batire la minibasi ya a Chimtengo,
zovala pachingwe zisanaume n'komwe,
mpopi wa pakiyosiki, wozulidwa ngati dzino.
A Chimtengo anati tigule mawenzulo ndi zikwapu.
Ndinalemba mawenzulo.
Pa zikwapu dzanja linakana.

Pajatu ndinalipo tsiku lija pamlatho
khamu litagwira Msaiwale ndi foni yosweka galasi,
uyu akuti tayala, uyo akuti petulo,
iye atagwiritsa kabudula kuti asavuke.
Zaka khumi ndi zitatu, manyazi akadali nawo.
Nanenso ndinali ndi mwala m'manja.
Sindinauponye, koma sindinautayenso msanga.
Zimenezi m'kope mulibe.

Mayi Nasibeko, a zitumbuwa pasiteji,
anafunsa osaimirira: Kodi amaba nthawi yanji?
Tinawerenga ndi zala. Akaweruka kusukulu mpaka mdima,
nthawi imene ife tili kutsidya ku 47,
kulera ana a eni, kuthirira kapinga wa eni,
kutsekulira mageti magalimoto a eni.
Ndiye wakuba wamkulu ndi masanawa, iwo anatero,
tiyambe tagwira ameneyo.

Apa m'pamene cholembera chinayamba kuthamanga.
A Likisho owotcherera atenga anyamata atatu,
ngakhale magalasi otchinga m'maso alipo amodzi, azibwerekana.
Mayi Zgambo, amene choko chinawapumitsa ndi chifuwa,
apereka khonde lawo Lachiwiri ndi Lachisanu.
Sajeni Kamtukule, chipewa chili pabondo, anati
mwana wa nkhuku imodzi asathamangire kuselo,
adzere kaye pakati pathu pano,
poti kumene kuja amalowa wolira, amatuluka wouma maso.
Bwalo la mpira theka anadula mapuloti,
koma theka lotsalalo likwana magolo awiri.

Mbale inazungulira.
K18,700, ndi batani limodzi la malaya.

Nanga batire langa abweza ndani? anafunsa a Chimtengo.
Denga lokha ndilo linayankha, kuthetheka ndi dzuwa.
Patapita nthawi anakanda chibwano:
Loweruka kugalaja kumasowa wotsuka masipanala.
Mmodzi yekha. Ndipo ndiziwawerenga madzulo.

Mfundo yomaliza, maina a oyamba nawo.
Msaiwale. Lekeleni. Amapasa a kuseri kwa chigayo.
Mtsikana uja amagona m'vidiyo sho.
Tinafika khumi ndi awiri, kenaka chete,
aliyense maso pa katoni ya pazenera.
Mayi Nasibeko ndiwo analimba mtima:
A mlembi, musakwiye. Lembaninso Tsilizani.

Dzina limene ndinasankha ndekha kuchipatala cha Bwaila.
Lili kale pachikuto, m'zilembo zake zopendama,
pamwamba pa chithunzi cha ndege chimene anajambula.
Ndinalilembanso mkati, nambala 13,
inki ikudukiza ngati nayonso ikumva.

Zina ndi zina: wina anakumbutsa
kuti takamba za ana maola atatu
popanda mwana ndi mmodzi yemwe m'chipindamo.
Tagwirizana, Lachinayi likudzali mabenchi akutsogolo ndi awo,
ife tikhale kumbuyo, tiphunzire kutseka pakamwa.

Ndinafika kunyumba magetsi atazima.
Anali pakhomo, mawondo m'chifuwa,
kumapazi nsapato zimene sindinamugulire ine.
Ababa, kope langa mwathana nalo?
Mawa kuli mayeso.

Ndinaima nalo m'manja, lolemera ngati mwala uja.
Sendera, ndinatero, ndikhale nawo.
Yatsa kandulo. Tiyambire kumapeto.