Mzere Umodzi

Mu ofesi ya loya Sithebe, pansanjika yachinayi ku Marshalltown,
ntchito yanga ndi mapepala.
Kabati yachitsulo ili ndi madilowa atatu:
la pamwamba la osudzulana,
la pakati la olimbirana ana,
la pansi, lija limalira polikoka, la chuma cha masiye.
Ndimachonga ndi pensulo pomwe munthu asayine.
Akabwera wakwathu amandiitana: Tiyanjane, dzamasulire.

Lachiwiri kunafika a Nasibeko,
fumbi la basi ya masiku awiri lidakali m'chitenje,
m'jumbo muli kalata ya imfa, pasipoti ya malemu,
ndi chithunzi cha ukwati wa ku Bilila
chodyedwa ndi njenjete pakona.

Dzina la malemu: Bizaliele Kamtengeni.
Ntchito: zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi
akumeta kapinga wa eni ake ku Randburg.
Katundu: tindalama kubanki, galimoto yokhalira njerwa,
firiji yosatha kulipira.
Wilo: sanasiye.

Kenako mzere uja.
Mkazi wa malemu.
Mzere umodzi basi, kutalika kwake ngati chala changa cha mkombaphala.

Kumapeto kwa benchi lomwelo kunakhala Mapaseka wa ku Tembisa,
khanda kumsana, mnyamata wa yunifolomu atamugwira siketi.
A Nasibeko anamuyang'ana mnyamatayo nthawi yaitali.
Sanandifunse kanthu.
Mphuno sifuna womasulira.

Loya anati: afunse, ukwati unalembetsedwa kuti?
Anayankha: kwa ankhoswe.
Ankhoswewo ali kuti?
Mmodzi anatsogola chaka cha njala, winayo makutu anatseka.
Ndinasakasaka liwu la nkhoswe m'Chingerezi,
lomwe ndinapeza linali lopyapyala ngati pepala lomweli.

Fomu sifunsa amene anaumba njerwa ku Bilila
ndi ndalama zobwera mwezi uno, wamawa zii.
Sifunsa amene anagona pasimenti ya chipatala
akumunyowetsa milomo ndi kansalu usiku womaliza.
Imafuna dzina, nambala, tsiku,
zilembo zikuluzikulu, inki yakuda.

Masana loya anatsikira kukhoti.
Makina ojambulira mapepala anangotsala kung'ung'udza okha.
A Nasibeko anamasula kampango ka mtedza wokazinga,
natambasula dzanja.
Mnyamata anayang'ana amake kaye, kenako anatola.

Mwanawe, tamufunsa mnzangayu,
anamuika atavala chiyani?

Funso linadutsa mwa ine, m'Chingerezi changa,
n'kukagwera m'Chisutu chake.
Yankho linabwerera njira yomweyo:
jekete la khofi, lakale, lothina m'mapewa,
ankakana kuti litayidwe.

Anatulutsa chithunzi chija,
nachiika pa benchi, pakati pawo.
Mapaseka anawerama. Anagwira pakamwa.

Pansi pa fomu pali timalemba tating'ono
tomwe anthu sawerenga:
ngati malo sakukwana, onjezerani pepala lina.
Ndinatenga loyera, ndinalimata kumbuyo,
ndinalemba maina a ana, asanu a uko, awiri a kuno,
motsatana ndi kubadwa kwawo, osati ndi amayi awo.
Mzere uja ndinausiya.
Ndi wa loya umenewo, ndi wa akhoti.

Madzulo, mu minibasi ya ku Turffontein,
ndinapeza khoko la mtedza m'thumba la juzi.
Bambo anga nawonso anabwera kuno ndili ndi zaka zitatu.
Dilowa la pansi lija, likamalira,
ndimawerenga maina onse, pang'onopang'ono.