Mapaipi Awiri Asamagundane

Zaka makumi atatu, Ireneusz,
unkalumikiza mapaipi m'mimba mwa sitima padoko la Gdynia.
Unkalowa m'nyumba manja akununkha dzimbiri, n'kumati:
"Mapaipi awiri asamagundane, Bogumiła.
Amadyana. Mwina osati chaka chino, koma amadyana."
Ine ndinkangoti vula nsapato.

Mtsempha waukulu wa m'mimba mwako
utafufuma ngati chubu chakutha,
anaung'amba, n'kusokeramo paipi yansalu yoyera.
Utatsitsimuka unafunsa dokotala ngati waikapo mphira pakati.
Tonse tinaseka. Bala linapola.
Unabwerera kukadimba kako ka kabichi kuseri kwa njanji.

Zaka zisanu ndi chimodzi, zii.
Chonsecho mtima ukati gu, nsalu ija inkakhula thumbo,
gu, n'kukhulanso,
patebulo, m'tchalitchi, m'basi,
ngakhale usiku msana wako utatsamira wanga.
Ndinkagona pafupi chotero
osamva kuti chinachake chikupyapyala.

Lachiwiri, chipale chofewa chikugwa,
unatuluka m'bafa nkhope ili mbuu.
"Chakuda ngati phula," unatero. "Kaya ndi msuzi wadzulo."
Kenako unasanza pang'ono m'sinki, zofiira,
n'kutsegula mpopi msanga kuti ndisaone.
Zinaleka zokha. Unati ukagone kaye.
Koma ine, wosadziwa n'kugwira sipanala komwe,
ndinakumbukira zina zomwe unkanena:
paipi ikadontha n'kusiya, usaikhulupirire.
Ndinaitana ambulansi iwe ukundikalipira.

Dokotala Wieliczko, wamsinkhu wa mwana wathu wotsiriza,
anajambula kuseri kwa envelopu
njira ya magazi, njira ya chakudya,
ndi kachitseko pakati, koti palibe anakapempha.
"Magazi munawaonawo kunali kugogoda chabe," anatero.
"Tithamange, kasanatseguke konse."

Tsopano akwana maola asanu ndi awiri.
Tiyi wam'makina wazizira kawiri.
Namwino watuluka, chipewa chanyowa ndi thukuta:
achotsa nsalu yodwala ija, aikamo mtsempha wina,
thumbo alisoka,
ndipo atenga mafuta a m'mimba mwako momwemo
n'kuwayala pakati pa ziwirizo kuti zisakhudzanenso.
Mphira wako uja, Ireneusz. Aikapo.

Sanandilonjeze za mawa.
Akuti tione usiku uno, kenako winawo.
Pamiyendo panga pali jumbo ya chipatala:
wotchi, magalasi, chiphaso cha basi,
ndi nsapato zako, zidakali zonyowa,
zomwe lero wavula ndisanakuuze.