Rego

Aphunzitsi anati titsegule dikishonale,
aliyense atole liwu limodzi la Chipwitikizi chathu,
akopere matanthauzo ake onse, abwere nawo Lolemba.
Langa linali rego.

Loyamba: ngalande yaing'ono yotengera madzi kumunda.
Imeneyo ndinkaidziwa ndi mapazi.
Inkachokera ku kasupe wa kuseri kwa manda,
n'kutsika phiri lathu la ku Minho,
kudutsa pamwala pomwe mayi Custódia ankachapira,
n'kukagawikana patatu pansi pa mpesa wa tchalitchi.

Lachiwiri: mzere umene pulawo imasiya m'nthaka.
Lachitatu: seda, kanjira ka chipeso m'mutu.
Lachinayi: ndimathirira, mmene anganenere mwini munda.
Lina m'buku la sukulu munalibe,
Anselmo ndiye anandinong'oneza, akuloza kumbuyo kwa kabudula,
ndipo tonse awiri anatitulutsa panja.

Koma panalinso lina, lolembedwa ndi penti wobiriwira
pamwamba pa chitseko choyang'anana ndi pokwerera basi:
REGO, MASWITI.
Bambo Belmiro Rego.
Dazi lowala ngati mbale, poti chipeso n'kudutsa panalibe.
Mwendo umodzi waufupi, pulawo sanaigwirepo.
Munda analibe, ngakhale wa kabichi.

Ndinawafunsa ndithu, kope lili m'manja:
nanga inu ndinu rego uti?
Sanayankhe. Anaphula mphika,
n'kukhuthulira shuga wowira pamwala wosalala,
nadikira, akupuma ngati ng'ombe,
kenako ndi msana wa mpeni analemba mizere, uwu, uwu, uwu,
n'kundipatsa kachidutswa kam'mphepete, kopserera.
Anakalemba m'buku la ngongole.

Chaka chimenecho mvula inakana.
Madzi tinkalandirana ndi wotchi,
banja lililonse maola ake, usiku ndi usana.
Nthawi ya bambo anga inali 2 koloko ya usiku.
Anapeza mwala wotsekera utasunthidwa,
madzi athu akuyenda chinunu kupita m'chimanga cha a Abílio.
Khasu linadzuka. Khutu la a Abílio linasokedwa ku Arcos.
Kuyambira pamenepo moni anauma m'mudzi.

Pambuyo pa Misa akuluakulu anafunafuna
munthu woti madzi sangamunyenge,
ndipo anapeza mmodzi yekha wopanda munda.

Ndiye usiku uliwonse, mpaka mphesa zitapsa,
a Belmiro ankatsimphina kukwera njira ya kumanda,
wotchi ya belu m'thumba lina, maswiti m'thumba lina,
n'kukhala pamphambano ya madzi, bulangeti m'mapewa.
Belu likalira ankasuntha mwala.
Wotsekeredwa ankalandira switi, wotsegulidwa ayi.
Iwe walandira kale, ankatero.
Ndinawaonapo bambo anga, munthu wa ndevu zolimba,
akubwera mbandakucha tsaya lili tumbi,
akununkha ndimu, osatukwana aliyense.

Mayi ankati ngalande yabwino simamwa zimene yanyamula.
Bodza pang'ono limenelo.
Ya dothi imamwako, n'chifukwa chake m'mbali mwake mumamera timbewu,
ndipo a Belmiro ankadya okha maswiti onse osweka,
mano anawatsalira anayi.

Lolemba lija ndinapereka matanthauzo asanu.
Aphunzitsi anakhwatcha lomaliza ndi cholembera chofiira,
m'mphepete n'kulemba kuti munthu si tanthauzo.

Ndabwerako mwezi wathawu.
Madzi tsopano amayenda m'paipi pansi pa phula,
uyenera kugwada kuti uwamve.
M'sitolo muja mtsikana wa ku Braga akugulitsa mafoni,
mwala wosalala uja anauika pakhomo ngati chopondera.
Seda langa lakula, lafika m'makutu.
Mdzukulu wa a Abílio anandipatsa moni osandidziwa.

Buku la ngongole akuti lili ndi mwana wa mlongo wawo ku France.
Ngati njenjete sizinalidye,
pa tsamba lina pali dzina langa,
ndi kachidutswa kamodzi, kopserera, kosalipidwa.