Banga pa Katoni

Lachitatu ndinasintha oyilo
m'kapikapu koyera ka Mayi Nangozo,
kamene kamatuta mtedza kwa Mkanda
kukatula pa Kamwendo.
Bawuti ya pansi ndinaimanga ndi mphamvu zanga zonse,
phazi nditatsamiza patayala,
poti a Kholowa amandiseka
kuti ndili ndi manja ogwirira choko.

Lachinayi dzuwa lisanawawe anabwera.
Sanakalipe.
Anangotambasula katoni ya sopo
imene anaiyala pansi pa injini usiku,
pakati pake banga lakuda bii,
kukula ngati chivindikiro cha ketulo.
"Lufeyo, oyilo ameneyu ndi thumba lathunthu la mtedza.
Nanga bwanji akumwa ndi dothi?"

Ndinalowa chagada pa chiguduli,
miyala ikundiboola msana.
Ndinapukuta. Ndinadikira.
Dontho linayamba kutupa m'mphepete mwa bawuti
ngati nkhupakupa pakhutu la galu.
Ndinawerenga mpaka makumi anayi,
kenaka tho! patsaya langa,
lofunda.

Mlandu ndinaudziwa ndisanamasule.
Chitini cha mawashala chinali chopanda kanthu dzulo,
ulesi wopita kugolosale unandigwira miyendo,
ndinabwezera yakale yomweyo,
yophwathalala ngati khobidi
limene ana aika panjanji kudikira sitima.
Nditapisa chala m'bowo
chinatuluka ndi tizitsulo tonyezimira.
Mazinga ndinawadya ndekha.

Dafuleni anagwada pambali, akutafuna nzimbe.
"Kulunga tepi ya mipope, upake guluu.
Akadzazindikira mvula itagwa."
Ndinayang'ana mapazi a Mayi Nangozo
ataima pafupi ndi jeke,
zidendene zong'aluka, patapata womangidwa ndi waya.
Ndinaona msewu wa kwa Mkanda masana,
kanyale kofiira kakuyaka,
injini ikugogoda ngati munthu wofuna ngongole yake,
matumba khumi ndi awiri ali pamwamba,
popanda mthunzi.

Ndinatuluka n'kunena.
Mawu anali ochepa kuposa mmene ndimaopera.

A Kholowa sanandiyang'ane.
Anatsegula bokosi limene kiyi wake amagona m'sokosi,
natulutsa chodulira mazinga
chimene sabwereketsa ngakhale kwa mlamu wawo.
Oyilo tinamukhetsera m'beseni lotsuka,
n'kuvindikira ndi nyuzi
poti kamvulumvulu wa Okutobala
amayendera galaja iliyonse osaitanidwa.

"Paka girizi kuti zinyenyeswa zimatirire.
Pita patsogolo pang'ono. Bwerera.
Pitanso. Usathamange, sukupalasa kabaza."
Thukuta linkalowa m'maso,
mkono ukunjenjemera,
chitsulo chikudya chinzake mwakachetechete.
Tinatsuka bowo kawiri.

Bawuti yatsopano, yokulirapo pang'ono.
Washala yamkuwa yofiirira,
imene inadutsa pa Mwami
m'thumba la malaya a munthu wina.
"Yamba ndi zala," anatero.
"Ikakana zala, sipanala ingoinamiza.
Ikakhala pansi, onjeza pang'ono basi.
Bawuti si wakuba woti um'mange mpaka alire."

Tinathira oyilo, tinaliza injini.
Ndinagonanso pansi ndi kansalu koyera,
kuwerenga makumi anayi,
makumi asanu ndi atatu,
zana.
Nyerere inadutsa pamkono panga.
Palibe chinagwa.

Lita imodzi imene inamwedwa ndi katoni
a Kholowa anailemba m'kabuku kawo
pansi pa dzina langa,
pamodzi ndi mtengo wa bawuti.
Sabata imeneyo ndinadya mbatata yootcha
ndi madzi a pamjigo.

Loweruka kapikapu kanadutsa kolemedwa, osaima.
Mayi Nangozo anangotulutsa mkono pawindo
n'kuponya katoni ina pakhomo pa galaja.
Ndinaitola, ndinaitembenuza uku ndi uku:
fumbi, khoko la mtedza,
ndi mapazi a nkhuku imene inayendapo m'mawa.

Ndinaikhoma ndi msomali pamwamba pa benchi.
Dafuleni akuti ndapenga.
Chitini cha mawashala ndimachigwedeza tsopano
ndisanavule nsapato zapanjira.