Nsapato za Keziah

Woweruza sanandiyang'ane n'komwe.
Anayang'ana wotchi yake,
n'kunena kuti zaka zisanu ndi ziwiri
ngati munthu wotchula mtengo wa mchere.
Ine Enoch Tranter wa ku Bristol,
zaka zanga khumi ndi ziwiri,
mlandu wanga nsapato za kamtsikana
zomwe ndinazembetsa pakhomo pa sitolo
m'mawa womwe chisanu chinang'amba zidendene za mlongo wanga.
Keziah sanazivale.
Zinapita kukhoti kukandinenera.

Miyezi inayi m'chombo chowola pamtsinje wa Thames,
chombo chopanda thanga, chosapita kulikonse,
tikukolopa matabwa omwe ankanunkhabe.
Kenako chombo chenicheni,
ndi nyanja yotalika kuposa ulaliki wa abusa.

Wogona pambali panga anali Barnaby Sill,
wa zaka khumi, wakuba mpango.
Usiku ankatchula misewu yakwawo kuti asaiwale,
koma sabata iliyonse msewu umodzi unkamuthawa.
Tili pakati pa madzi anayamba kutsokomola.
Anamusokera m'chinsalu,
ndipo wosokayo anali wa msoko woipa:
chala chake chaphazi chinkasuzumira kunja
pomwe ankamutsetsereza pathabwa.
Madzi anangoti phava, n'kutseka pakamwa.

Kuno ku Van Diemen's Land zinthu n'zozondoka.
Khirisimasi imabwera ndi thukuta,
mitengo imavula makungwa n'kusunga masamba,
mbalame zomwe kwathu n'zoyera mbee kuno n'zakuda bii.
Nyenyezi zakuno sizindidziwa.
Belu limatidzutsa, belu limatigoneka,
ndipo ukayankhula pa nthawi yolakwika
umakacheza ndi mdima masiku atatu,
buledi ndi madzi basi.

Tsono imvani nthabwala yake:
anandiika kwa osoka nsapato.
Bambo Crouch, amene nayenso anabwera ndi unyolo,
akuti dzanja langa n'labwino.
Ndimasoka zazikulu, za amuna ophwanya miyala,
zosasiyanitsa phazi lamanja ndi lamanzere.
Zikopa zotsala ndimabisa m'malaya.

Chaka chachitatu ndinamaliza ziwiri zazing'ono.
Ndinaziyeza ndi chikhatho changa,
monga ndinkagwirira phazi lake pofuna kulifunditsa.
Nditaziika pabondo ndi pomwe ndinazindikira:
chikhatho changa chakula,
ndipo phazi lake silinandidikire.

Mwina pano amachapa zovala m'nyumba ya eni.
Mwina wina anamugulira zake.
Mwina zinazo, zomwe sindizitchula usiku.

Akuti zaka zikatha ndine mfulu,
koma ulendo wobwerera ndi wolipira wekha,
ndipo anyamata omwe anatuluka chaka chatha
akuweta nkhosa za anthu kuseri kwa phiri.

Nsapatozo zili pansi pa thabwa lomwe ndimagonapo.
Lamlungu ndimazipaka mafuta
omwe ndimapatula pa nyama yanga.
Ndikagwidwa nazo adzati ndaba chikopa cha boma,
ndipo adzakhala akunena zoona.